Chala cha Amayi pa Mwendo wa Shuanzhu

Mlongo wanga Shuanzhu ankadziwa anthu a m'tauni mwathu ndi nsapato. Nkhope anasiya kuziona kalekale, chifukwa msana ndi khosi lake zinauma ataweramira pansi. Ukafika pamalo pake pokonzera njinga, pakona pa msika, usanatsegule n'komwe pakamwa iye wayamba kale: "A Lou, chidendene ichi chinatha chaka chatha, mukudikira kuti chikupempheni chokha?" Ine ankandidziwira patali. Ankati ndimaponda ngati ndikupita kukamenya munthu, ndipo sankanama kwenikweni. Ndinagwira ntchito ya ukondakitala m'mabasi mpaka kupuma, koma pakamwa panga sipanapume nawo.

Dzina lakelo limatanthauza kumangirira pansanamira. Kwathu kuno, kumpoto kwa mtsinje wa Huai, dzina lotere amapatsa mwana wamwamuna amene wabadwa mnzake atamwalira, kuti uyu yekha asachoke. Woyamba wa amayi anapita ndi njala yaikulu ija, ine ndisanabadwe. Anayamba waonda mpaka nthiti kuwerengeka, kenako anatupa, kenako basi. Amayi nkhaniyi sankaikamba. Chimene chinatsala ndi chizolowezi cha chala. M'masiku a njalayo anthu ankayezana podinikiza chala chachikulu pamwendo, pamwamba pa kakolo. Mnofu ukabwerera, munthu akadali wathu. Pakatsala kadzenje, ndiye kuti njala yalowa kale m'kati. Ine ndi Shuanzhu tinakula tikudinidwa m'mawa uliwonse tisanavale nsapato, ngakhale m'nyumba mutadzaza ufa.

Pa unyamata wake Shuanzhu anali wamtali, wowongoka, wopalasa njinga manja ali m'thumba. Ululu unamuyamba asanakwatire. M'mawa ankadzuka chiuno chili gwa, n'kumagwira khoma kuti afike pabwalo, koma dzuwa likakwera n'kuyamba ntchito zinkamasuka. Ndiye anthu ankati ndi ulesi. Ena ankati mphepo yozizira yamulowa m'mafupa. Makolo a mtsikana amene ankafuna kumukwatira anamuona tsiku lina akuvutika kutola sipanala pansi, ukwatiwo unathera pomwepo. Pamene tinadzapita naye kukajambulitsa kuchipatala cha kuboma zaka zinali zitapita, ndipo pachithunzipo msana wake unkaoneka ngati nsungwi, mfundo zonse zitamatana. Anati ndi nyamakazi ya msana, ija youmitsa mafupa. Mankhwala ochiza palibe, koma oziziritsa ululu alipo.

Zaka zimenezo anaonda koopsa. Chakudya sichinkamulowa, tulo sankatipeza, ndipo chala cha amayi chikadina chinkagunda fupa. Apa m'pamene amayi anamanga mpango n'kupita kwa a Lou, ogulitsa nyama yankhumba pamsika.

Kwathu aliyense amadziwa, kapena amati amadziwa, kuti chiwalo chikadwala umadya chiwalo chomwecho cha nyama. Maso akafooka, maso a nsomba. Mwana akamalephera kusukulu, ubongo wa nkhumba. Nanga wodwala msana angadye chiyani? A Lou anayamba kuwasungira amayi mafupa a msana tsiku lililonse, osachotsa mafuta ake, n'kuwonjezerapo kachikopa mwa chifundo. Amayi ankawiritsa mafupawo kuyambira m'mamawa mpaka msuzi kuyera ngati mkaka, mafuta atayandama pamwamba, mchere wokwanira bwino. Masana ankathira m'fulasiki, kukulunga mabanzi ophika panthunzi m'kansalu, n'kupita nazo pakona paja. Sankachoka. Ankaima chilili, manja kumbuyo, mpaka Shuanzhu atapukuta mbale ndi banzi lomaliza. Madzulo kunyumba ankamupatsanso.

Ndipo ananenepadi. Masaya anadzaza, khosi linakula, mimba inatsogola. Kwathu munthu wamkulu akanenepa sitimuuza kuti wanenepa, umenewo ndi mwano. Timati fafu, ndiye kuti madalitso amutulukira pathupi.

"Fafu, Shuanzhu! Fafu yeniyeni!" ankafuula a Lou ali pabenchi lawo la nyama. "Mimba imeneyi ndi ya bwana wa muofesi, osati ya womata machubu."

"Theka lake ndi nkhumba zanu zomwe," ankayankha iye, maso ali m'beseni lofufuzira pobowoka. "Tsiku lina mudzazimva zikulira muno."

Amayi akamva zimenezi ankatsitsimuka nkhope. Ankawerama pamaso pa anthu onse, kukweza mwendo wa buluku la mwana wawo, bambo wa imvi kale, n'kudina. Mnofu unkabwerera. "Mwaona? Ndi mnofu weniweni uwu, si madzi." Msana sunawongoke ngakhale pang'ono, unkangopindikirabe chaka ndi chaka, koma zimenezo amayi ankati zikubwera, tisathamange.

Inenso ndinkasangalala, nanga ndani safuna kuona mlongo wake ali ndi masaya? Chinandidzidzimutsa ndi ludzu. Ndinakhala naye pakona paja tsiku lina lonse chifukwa njinga yanga inali itathyoka masipoko, ndipo ndinaona munthu akumwa madzi ngati m'mimba mwabowoka, n'kumangopita kuseri kwa msika kukataya madzi. Akaimirira ankagwira chipupa kaye, chizungulire chidutse. Kupopa tayala limodzi lokha, thukuta kamukamu, kupuma ngati wakwera phiri. Fodya ndiye anali wosazima, ankati amaiwalitsa msana.

"Mawa tikupita kuchipatala," ndinatero.

"Achemwali, chipatala chinandilephera kale. Mukufuna akandijambulenso nsungwi ija?"

"Ndati mawa. Ukakana ndikukweza pangolo ya a Lou pamodzi ndi nkhumba."

Dokotala amene tinamupeza anali mtsikana, a Qiu, wamng'ono kuposa mwana wanga. Anamukoka magazi, kumuyeza pamkono, kenako anatenga tepi ngati ya telala n'kumuzunguliza pamimba. Zotsatira zitabwera anakokera mpando pafupi n'kukhala motsika kuti Shuanzhu athe kumuona kumaso. Ndinamukonda pa chimenecho.

"Bambo Geng, msanawu sindingauwongole, komanso si umene ukundiopsa lero," anatero, pomutchula ndi dzina la banja lathu. "Matenda anuwa sakhala m'mafupa mokha. Amanyeka pang'onopang'ono m'thupi monse, ndipo mitsempha ya magazi nayo imavulala. Ndiye muwonjezepo kukhala pansi tsiku lonse, fodya, ndi mimba iyi. Shuga wakwera. Magazi akuthamanga. Mafuta m'magazi achuluka. Zimenezi zikakumana mwa munthu mmodzi zimalunjika kumtima. Kunyumba mumadya chiyani?"

"Nsapato zanu n'zabwino, adokotala," anatero Shuanzhu. "Koma mumapondera kunja."

Ndinayankha ndine. Ndinafotokoza za mafupa, za fulasiki, za mabanzi, zonse. Dokotala anapukusa mutu. Anati msuziwo kumsana ulibe chimene ungachite, ndi mafuta ndi mchere basi. Anamulembera mankhwala a shuga ndi a magazi, anati asiye fodya, aziyenda tsiku lililonse ngakhale zikupweteka, azidya masamba, nsomba ndi nyemba, mimbayo itsike. "Zimenezi zimabwezeka," anatero. "Msana ayi, koma izi zimabwezeka. Musachedwe nazo."

M'basi pobwerera Shuanzhu anangoti, "Mukawauze ndinu. Ine sindingathe."

Ndinawauza, ndipo ndinayesetsa kuyamba mofatsa, chinthu chimene sindichidziwa bwino. Amayi anali akusenda adyo. Anamvetsera mpaka pamene ndinatchula shuga.

"Shuga ndi matenda tsopano?"

"Amayi, akachuluka m'magazi..."

"Shuga amene tinkaimira pamzere kuti otupa alandire kasupuni kamodzi ndi soya wodzaza dzanja? Amene analandira anadzuka. Wanga sanalandire." Anaika mpeni pansi. "Kamtsikana kakoko kanagonapo ndi njala? Kanaikapo mwana m'manda?"

"Sikanaike, koma kanaphunzira! Mukumupha ndi msuzi wanuwo, mukumva? Mukumupha!"

Apa ndinali nditayamba kale kufuula ngati ndili m'basi yodzaza. Amayi sanakweze mawu. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe unabadwa chakudya chitabwera," anatero. "Ukudziwa chiyani za chimene chimapha munthu?"

Komabe chilimwe chimenecho ndinapambana ndine. Nyumba yanga ili kuseri kwa msika, ndiye ndinkafika pakona paja amayi asanafike, nditanyamula phala la mapira, masamba, kachidutswa ka nsomba. Fulasiki ikabwera, Shuanzhu ankati wakhuta. Madzulo dzuwa likapepa ndinkamutenga kukayenda pamtunda wa m'mbali mwa mtsinje. Ankakankha njinga yakale kuti imuchirikize, ine ndili kutsogolo kumuuza kuti kukubwera mwana, kukubwera galu, chifukwa iye ankangoona tayala ndi fumbi. Ankatukwana njira yonse, ine n'kumabwezera, anthu n'kumatiseka. Fodya sanasiye koma anachepetsa. Ludzu linatha, chizungulire chinatha. Tsiku lina ndinamupeza akuboola lamba wake ndi msomali, kuwonjezera bowo latsopano, akuimba ndi mluzu. Ndinali ndisanamumve akuimba mluzu chiyambire ululu uja. Ndinalira, ndikuvomera, koma iye sanaone chifukwa misozi siili kumapazi.

Pamsika nkhani inali ina. "Shuanzhu akutha," ankanong'onezana amayi ogulitsa masamba. "Matenda aja alowa m'kati. Taonani khosi, latsala chikopa." A Lou anafunsa amayi pagulu ngati mafupa awo alakwa chiyani. Wina anawafunsa ngati m'nyumba mwawo mwasowa chakudya kuti anthu asonkhe. Kwa amayi mawu amenewa anali oposa kutukwanidwa. M'mawa ankadinabe mwendo uja, mnofu n'kubwerera bwinobwino, koma iwo ankagwira bondo, kugwira phewa, n'kumva fupa limene anali atalikwirira zaka zonsezi likutulukanso.

Sanakangane nanenso. Anangoyamba kuika mbale ziwiri za msuzi patebulo, ina ya Shuanzhu, ina yawo. Iye akapanda kukhudza yake, iwonso yawo sankaikhudza, ngakhale banzi. Ankakhala manja ali pamiyendo mpaka mafuta atagwirana pamwamba, kenako ankabwezera zonse mumphika. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinkati atopa okha, munthu wokalamba sangapirire njala. Ndinaiwala kuti pa nkhani ya kupirira njala amayi analibe wofanana nawo m'tauni monse. Anayamba kuchepa m'zovala, ndipo tsiku lina anagwa pabwalo akuyanika zovala.

Sabata yotsatira ndinafika pakona paja ndi phala langa n'kupeza fulasiki ili pambali pa mpope, yotsegula, yopanda kanthu. Shuanzhu milomo ili noninoni.

"Wayambiranso?"

Ankapaka guluu pachubu.

"Ndikulankhula ndi iwe, chitsiru! Ukudziwa kuti ukudzipha?"

"Ndikudziwa, achemwali. Zimene ananena adokotala ndinamva zonse. Chinauma ndi msana, makutu ali bwino."

"Ndiye bwanji?"

"Inu mumawaona kumaso, ndipo kumaso amayi amatha kunama. Ine ndimaona mapazi. Asiya kunyamula mapazi, akungokoka." Anauzira guluu uja kuti aume. "M'nyumba muja wina ayenera kudya kuti mnzake adye."

"Ndiye ufe iwe kuti iwo adye?"

"Mkazi sindinawabweretsere. Mdzukulu sindinawapatse. Msana umene akhala akuuphikira zaka zonsezi sunawongoke ndipo sudzawongoka. Chinthu chimodzi chokha chimene ndimatha kuwapatsa ndi mbale yopanda kanthu. Mukufuna ndiwalande chimenechonso?"

Ndinatenga fulasiki ija n'kuiponya pakati pa msewu. Ndinamutchula mayina onse amene ndinaphunzira kwa madalaivala, anthu mpaka anasiya kugula n'kumatiyang'ana. Iye anadikira ndimalize, kenako anati, "Katoleni, ndi fulasiki yabwino. Amayi adzafunsa." Ndinakatola.

Mankhwala ankamwabe akakumbukira, koma kuyenda kunatha nyengo yozizira itafika. Lamba anabwerera pabowo lakale n'kupitirira. Pa chikondwerero cha Chaka Chatsopano amayi anaphika nyama yankhumba yamafuta yothira shuga, ija yofiira yonyezimira, n'kumamusankhira ndi timitengo tawo todyera zidutswa zonona kwambiri. Alendo obwera kudzapereka moni onse ankati fafu, fafu yabwerera, ndipo amayi anali atayambanso kunyamula mapazi. Ine ndinakhala pakona pa tebulo mtima ukuwawa.

Shuanzhu anagwa chisanu chisanathe, akupopa tayala la njinga ya mwana wasukulu. Anagwira pachifuwa n'kugwera cham'mbali, ali chipindikire. Anamunyamuladi ndi a Lou pangolo yawo ya nyama, monga ndinamuopsezera tsiku lija. Kuchipatala sakanatha kumugoneka chagada, anachita kumuunjikira mapilo kumsana ndi kumutu. Anapulumuka, koma anati mbali ina ya mtima yafa, ndipo impso nazo zatopa ndi shuga komanso mapiritsi a ululu a zaka zambiri. Dokotala Qiu anabwera kudzamuona. Sanakalipe. Anakhala motsika ngati kale n'kumuuza kuti mchere ayi, shuga ayi, madzi pang'ono, ndipo miyendo ikayamba kutupa abwere msanga, chifukwa ndiye kuti mtima ukulephera kukoka madzi.

Ulendo uno ndinasamukira kwa amayi ndi chikwama changa. Mphika wa mafupa ndinaubisa kwa aneba. Amayi anali ataopsedwa ndi kugwa kuja, moti kwa kanthawi anandisiya ndiphike zanga zopanda mchere, ngakhale ankazinunkhiza n'kutembenuka. Shuanzhu pakona paja sanabwererenso. Ankakhala pampando pafupi ndi khomo, kuyang'ana mapazi a anthu odutsa mumsewu n'kumawatchula mayina motsitsa.

Kutupa kunabwera ndi nyengo yotentha. M'mawa wina ndinali ndikumuthandiza kuvala nsapato, koma zinakana kulowa. Amayi anabwera monga mwa masiku onse, anagwada movutikira, kukweza mwendo wa buluku, n'kudina.

Atachotsa chala, panatsala kadzenje.

Anadikira. Kadzenje kali pomwepo. Anadina mwendo winawo, napo panatsala. Anadinanso pamwamba pake mpaka mwendo wonse unadzaza timaenje. Kenako anatulutsa mfuu imene sindinaimvepo pakamwa pa munthu, ndipo sindifuna kudzaimvanso.

"Njala! Mwana wanga watupa ndi njala! Wamupha iwe! Iwe ndi kadokotala kako mwamumana chakudya mpaka watupa!"

"Amayi, si njala, ndi mtima! Ndi madzi, mtima ukulephera..."

"Ukundiuza ine? Ine? Kadzenje aka ndinakaona iwe kulibe!"

Anadzuka ngati mtsikana, kuthamangira kukhitchini. Ndinamva akukhuthula soya mumphika, kutsegula chitini cha shuga wofiira. Ndinapita kukaitana galimoto yoti itipititse kuchipatala, koma tsiku limenelo linali la msika waukulu, misewu itatsekeka, ndipo inachedwa. Pamene ndimabwerera amayi anali atagwada pamaso pake ndi mbale yodzaza, soya wosapsa bwino akusambira m'madzi a shuga, supuni ili m'manja. Nkhope yawo inali yonyowa yonse.

"Ulendo uno ndili nazo," ankatero. "Ulendo uno palibe mzere. Imwa, mwanangu, ndili nazo zambiri."

Ndinagwira mbale ija kuti ndiilande. Shuanzhu anaika dzanja lake lotupa pa langa. Sakanatha kundiyang'ana kumaso, ndiye analankhula ndi nsapato zanga.

"Asiyeni, achemwali. Woyamba uja sanamupatse. Asiyeni apatse ine."

Ndinasiya. Anamwa supuni ndi supuni, akupuma movutikira pakati, mpaka mbale inayera. "Watsekemera, amayi," anatero. Amayi anamupukuta pakamwa ndi mpango wawo.

Sindinganene kuti mbale imeneyo ndi imene inamupha, adokotala anati mtimawo unali utatha kale. Anagonekedwa, anatuluka, anagonekedwanso, ndipo anamwalira chimanga chisanakololedwe, ali chikhalire pamapilo ake. Osambitsa maliro anavutika naye, chifukwa ngakhale imfa sinamuwongole. Pamaliro amayi ankauza aliyense wobwera kudzapepesa kuti ana awo aamuna onse awiri anapita ndi njala, woyamba chifukwa chakudya kunalibe, wachiwiri chifukwa mchemwali wake anamumana. Anthu ena ankandiyang'ana cham'mbali. A Lou sanayang'ane aliyense, ndipo chiyambire tsikulo mawu oti fafu sindinawamvenso pakamwa pawo.

Pano amayi amakhala kwanga. Zambiri anaiwala, nthawi zina ngakhale dzina la mwamuna wanga, koma njira ya kwa a Lou sanaiiwale. M'mawa uliwonse ndisanavale nsapato amagwada, kukweza siketi yanga pang'ono, n'kudina. Mnofu umabwerera. Masana amaika mbale ziwiri patebulo, msuzi woyera, mafuta atayandama, n'kukhala manja ali pamiyendo. Yawo saikhudza. Mwezi wathawu anandiyeza kuchipatala, anati shuga wayamba kukwera, ndisamale. Ndimayang'ana mbaleyo, kenako ndimayang'ana pansi pa tebulo, pamapazi awo, monga anandiphunzitsira Shuanzhu. Ine amene ndinkatontholetsa basi yonse ndi pakamwa pokha, apa ndimangokokera mbaleyo pafupi. Ndimatenga supuni.